Kodi "kuthetsa jenda" ndi kuthetsa amuna ndi akazi?

Achemwali, mwafunsa kuti mwaona omenyera ufulu wa amayi akukangana pa Facebook, ena akuti jenda ithetsedwe, ena akuti ayi, ndiye mukudabwa ngati akufuna kuti pasakhalenso mwamuna ndi mkazi, komanso chifukwa chimene akulimbirana okhaokha pamene onse amati akumenyera mayi yemweyo. Palibe amene akufuna kuthetsa matupi a anthu. Chimene akukanganirana ndi malamulo osalembedwa amene timamangirira pa matupiwo, ndipo mawu amodzi omwewo akuti jenda, gulu lililonse likuwamva mwa njira yake.

Kuno mawu amenewa anafika ndi mabungwe, n'chifukwa chake ambiri akamva jenda amaganiza za msonkhano wa ma alawansi kapena mwamuna kutsuka mbale. Kumene anachokera, makamaka kuyambira pamene Ann Oakley wa ku Britain analemba za nkhaniyi mu 1972, ankasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali za thupi: kusamba, kutenga pathupi, kuyamwitsa, kumera ndevu. Ndiye pali zimene anthu anagwirizana kuti woti wabadwa ndi thupi ili azichita: pamaliro mwamuna akumbe manda, mkazi aphike ndi kulira m'nyumba ya siwa, mwamuna salira, mkazi agwade popereka madzi. Zachiwirizi ndiye jenda. Njira yosavuta yozizindikirira ndi kuona ngati lamulolo limasintha ndalama zikalowapo. Kusoka amati ndi kwa amayi, koma matelala ambiri apakhonde ndi abambo. Kuphika ndi kwa amayi, koma akhukhi a m'mahotela ndi amene ankaphikira azungu anali amuna. Madzi akakhala a pakhomo amasenza mkazi pamutu, akakhala ogulitsa amanyamula mwamuna m'zigubu panjinga. Thupi silinasinthe apa, chasintha ndi malipiro.

Amene amati jenda ithetsedwe amayambira pamenepo. Mfundo yawo ndi yakuti umuna ndi ukazi monga timaziphunzitsira si madengu awiri ofanana oikidwa pambali ndi pambali, koma ndi makwerero, wina pamwamba wina pansi. Tamvetserani zimene timayamikira mwa mkazi: kupirira, kufatsa, kusayankha, kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Ndi makhalidwe amene bwana amafuna mwa wantchito. Za mwamuna: kulamula, kulimba mtima, kusaopa, ndipo akachimwa tili ndi pomubisa, mwamuna ndi kabudula amathera moyenda. Iwo amati simungafananitse ziwirizi uku mukuzisunga, chifukwa chimodzi chinapangidwa kuti chizitumikira chinzake. Shulamith Firestone wa ku America mu 1970 anafika nazo patali, mpaka kunena kuti kubereka kwenikweniko kudzachotsedwe m'thupi la mkazi pogwiritsa ntchito sayansi. Ambiri a gulu limeneli lero sapita kumeneko. Amangoti thupi likhale thupi, lisamauze munthu chovala, ntchito kapena khalidwe.

Ena amati zimenezo ndi maloto, anthu sadzasiya kudziona ngati amuna ndi akazi, chofunika ndi malamulo oletsa tsankho ndi mwayi wofanana kusukulu ndi kuntchito. Malamulo athu ambiri anachokera ku maganizo amenewa.

Gulu lachitatu linakula pambuyo pa zolemba za Judith Butler wa ku America za mu 1990. Iwo amati jenda ndi chinthu chimene timachita mobwerezabwereza, kayendedwe, kavalidwe, kalankhulidwe, mpaka chimaoneka ngati chachibadwa. Sakufuna kuphwanya madengu koma kuwachulukitsa, ndipo amati munthu aliyense ndiye anganene yekha kuti ali m'dengu liti, kuphatikizapo amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzimva kuti ndi akazi, kapena amene sadzimva kukhala mbali iliyonse. Phokoso limene mwaliona pa intaneti, lambiri ndi la pakati pa gulu ili ndi loyamba lija. Oyamba amati: ngati mnyamata wokonda zidole ndi madiresi tikumuuza kuti mwina ndi mtsikana, ndiye kuti tavomereza kuti zidole ndi za atsikana, tabwerera komwe tinachoka. Achitatu amayankha kuti kudzimva kwa munthu si nkhani ya zidole, ndipo kuumirira kuti thupi lokha ndilo limanena za mkazi ndi mfundo yomweyo imene makolo ankatsekerera nayo amayi kukhitchini. Aliyense akuloza mnzake kuti ndiye akusunga zakale. Ku Britain nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu, limene mu April 2025 linagamula kuti mawu akuti mkazi m'lamulo lawo loletsa tsankho la 2010 akunena za thupi lobadwa nalo, ngakhale dzikolo lili ndi lamulo lina la 2004 lolola munthu kusintha pa zikalata zoti ndi mwamuna kapena mkazi. Mkangano wawo kumeneko ndi wa ndende, nyumba zothawirako amayi ozunzidwa, masewero ndi zimbudzi. Kuno lamulo la maukwati la 2015 limatenga thupi limene munthu anabadwa nalo.

Akatswiri a ku Africa kuno anabweretsa funso lina limene azungu sankalifunsa. Oyèrónkẹ́ Oyěwùmí wa ku Nigeria analemba mu 1997 kuti pakati pa Ayoruba akale chimene chinkaika munthu pamwamba chinali ukulu wa msinkhu osati umuna, ndipo kuti atsamunda ndi amishoni ndiwo analimbitsa zoti mwamuna aliyense ali pamwamba pa mkazi aliyense. Ena amutsutsa kuti anakometsa zakale mopitirira. Koma ife tikulimva funsoli chifukwa tili ndi Makewana wa ku Msinja amene ankatsogolera zopempha mvula, tili ndi udindo wa Nyangu pambali pa Kalonga, tili ndi chikamwini kumene munda ndi ana ndi za kuchikazi. Omenyera ufulu ambiri a kuno amakana zothetsa ukazi chifukwa umayi ndi umene umawapatsa mphamvu m'mudzi. Komabe tisadzinamize: pachikamwini pomwepo mwini mbumba ndi malume, ndipo fodya akagulitsidwa ndalama zimalowa m'thumba la mwamuna ngakhale munda uli wa mkazi.

Tsopano zimene zimalakwika anthu akayesa kuchita zimenezi, chifukwa apa ndi pamene muona amene akunena zogwirika.

Kusintha mawu pakokha sikuthandiza, ndipo umboni tili nawo m'kamwa mwathu. Ku Sweden anaika mawu akuti hen mu dikishonale yawo mu 2015, oti azinena munthu popanda kusonyeza ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Ife tili nawo kuyambira kalekale: iye. Chisomo, Mphatso, Chikondi, Madalitso, simungadziwe ngati ndi mnyamata kapena mtsikana mpaka mutamuona. Abale timawasiyanitsa ndi ukulu, mkulu wanga, mng'ono wanga. Koma chinenero chomwechi ndi chimene chimati ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, ndipo m'chinenero chomwechi mtsikana amalangizidwa kuchinamwali kuti banja ndi kupirira.

Lamulo losatchula mwamuna kapena mkazi nalonso limatha kusiya zinthu momwe zinalili. Sweden yomweyo mu 1974 inapereka tchuthi cholera khanda kwa "makolo", kuti agawane okha. Abambo anatenga masiku osafika ngakhale limodzi pa 100 aliwonse, chifukwa mwambo, malipiro ndi mabwana anasankhiratu kuti wotsala pakhomo ndi mayi. Zinayamba kusuntha mu 1995 pamene boma linapatula mwezi umodzi woti bambo akapanda kuutenga watayika, kenako miyezi iwiri mu 2002, itatu mu 2016. Lero abambo amatenga pafupifupi masiku 30 pa 100. Onani kuti pofuna kufooketsa jenda, anachita kuitchula. Kuno mayi ali ndi masabata 8 pa zaka zitatu zilizonse, ndipo bambo anapatsidwa masabata awiri mu 2021. Ndi chiyambi, koma bwana wolemba ntchito akuonabe kuti amene adzasowe nthawi yaitali ndi mkazi, ndiye tsankho la pa intavyu silinathe.

Choopsa kwambiri ndi kusiya kuwerenga. Mukachotsa funso loti mwamuna kapena mkazi pa mafomu lero, mawa simudziwa kuti atsikana angati asiya sukulu mu Sitandade 7, kapena kuti ndani akulandira zochepa pa ntchito yofanana. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 ndipo ina isachepere 40. Simungalitsate popanda kuwerenga amuna ndi akazi. Rwanda inapatula mipando 24 mwa 80 ya nyumba ya malamulo kuti ikhale ya amayi, ndipo kuyambira 2013 amayi akhala akupitirira 60 pa 100. Ife tinadalira kampeni ya 50-50 popanda mipando yopatula, ndipo mu 2014 amayi anatsika kufika 32 mwa 193, chaka chomwe Joyce Banda analuza upulezidenti. Kuchipatala n'chimodzimodzi, khansa ya khomo la chiberekero imene ikupha amayi ambiri kuno siifunsa kuti munthu amavala chiyani. Pa ine, wothetsa jenda amene akunena zomveka ndi amene akuti tiziwerengabe matupi koma tisiye kuwapatsa ntchito.

Kufafaniza lamulo lolembedwa sikufafaniza apolisi a mumsewu. Lamulo la 1973 la nthawi ya Kamuzu linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera. Mu January 2012, patatha zaka pafupifupi 20, anyamata a m'misika ya Lilongwe ndi Blantyre ankavula amayi ovala mathalauza masana dzuwa likuswa mtengo, mpaka amayi anachita msonkhano wokwiya ku Blantyre. Jenda imasungidwa ndi kuseka, kunyoza ndi chibakera kuposa ndi buku la malamulo.

Ndiye pali kusintha kwa mbali imodzi, kumene sitikukamba mokwanira. Tauza atsikana kuti akhoza kukhala mainjiniya, madalaivala a mathiraki, asilikali, ndipo n'zabwino. Anyamata sitinawauze kuti akhoza kubereka mwana kumbuyo, kuchapa matewera, kudikirira wodwala kuchipatala. Mkazi akachita zachimuna timati ndi wolimba, mwamuna akachita zachikazi timati anamudyetsa khuzumule. Zimenezi zikutsimikiza mfundo ya makwerero ija: kukwera n'kololedwa, kutsika n'kochititsa manyazi. Zotsatira zake mayi amaweruka kuntchito 5 koloko n'kukayamba ntchito yachiwiri kunyumba. Mwamuna naye amalipira. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha kuno ndi amuna, kawirikawiri pa nkhani za ngongole ndi za m'banja, ndipo amuna amachedwa kukayezetsa HIV, amafika kuchipatala matenda atakula. Munthu amene anamuuza ali ndi zaka zisanu kuti mwamuna salira sadziwa polowera zikamuthina ali ndi zaka 40.

Ngati mukufuna kuziyesa pakhomo, kusukulu kapena kumpingo, musayambe ndi mtsutso wa mawu. Tengani pepala, lembani ntchito zonse za sabata imodzi, kuyambira kuyatsa mbaula m'mamawa, kutunga madzi, kupita kuchigayo, kusambitsa ana, kulima, kukonza njinga, kukagula magetsi. Pambali pa iliyonse lembani amene waichita ndi maola amene yatenga. Mzere wachitatu lembani ngati ntchitoyo imabweretsa ndalama ndi amene amasunga ndalamazo. Wachinayi chongani ntchito imene imafunadi thupi la mkazi kapena la mwamuna. Mupeza kuyamwitsa, basi, mwina ndi zonyamula zolemera kwambiri zochepa, ngakhale amene anasenzapo ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo sangavomere msanga kuti zolemera ndi za amuna. Ntchito za amayi zimakhala za tsiku ndi tsiku zosadikira, za abambo zimakhala za apo ndi apo, ndiye musawerenge kuchuluka kwa ntchito, werengani maola.

Posinthana, perekani ntchito yonse osati "kuthandiza". Ngati bambo watenga zophika Lachiwiri ndi Lachisanu, kuganiza ndiwo, kuona ngati ufa ulipo ndi kutsuka miphika zikhale zake. Nsima ya masabata oyamba ikhala ya mibulu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera, mayi amalanda mthiko n'kunena kuti siyani ndichite ndekha. Kwina kumene zimafera ndi kwa alendo: apongozi kapena alamu akafika, aliyense amathamangira pamalo pake akale poopa kunenedwa. Gwirizanani pasadakhale kuti amene adzayankhe achibale a kuchimuna ndi mwamunayo, osati mkazi, chifukwa iye akayankha amati ndi wamwano. Kusukulu yang'anani ndandanda wa zoyeretsa: ngati atsikana akukolopa ndi kutunga madzi tsiku lililonse pamene anyamata akutchetcha kamodzi pa sabata, sakanizani magulu motsata nambala ya m'kaundula, ndipo mphunzitsi wamwamuna ayambe ndiye kugwira chokolopera pamaso pa kalasi.