"I am coming" uku ndikutuluka

Mchemwali wina wandilembera imelo, akukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito ya unamwino ku UK, ndiye akufunsa ngati Grammarly, pulogalamu yokonza zolakwika polemba Chingerezi, ingamukonzere Chingerezi chake chonse. Achemwali, mwanditokosa pachilonda.

Ine English pa MSCE ndinapeza 2 points, kumudzi ankanditcha mzungu. Tsiku lina ndili ku Leeds, kunyumba yosamalirako okalamba komwe ndinkagwira ntchito, ndinauza abwana kuti "I am coming" ndikupita kukatenga mabulangete, iwo anangondiyang'ana kukamwa yasa, munthu akuti akubwera koma akuonetsa nkhongo! Galamala yake inalibe vuto ngakhale pang'ono, Grammarly ikanangoti zili bhobho. Koma chinali Chichewa chovala jekete, "ndikubwera" wathu uja, pomwe eni ake amati "I'll be right back".

Ndipo zilipo zambiri. "Borrow me your pen" chifukwa kwathu timati ndibwereke. He ndi she timasokoneza poti ife tili ndi "iye" basi, ndinatchapo gogo wina wamkazi "he" shifiti yonse mwana wake ali pompo. Za L ndi R ndisayambe, pray ndi play zinachititsa manyazi anthu ambiri kutchalitchi.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi momwe anatiphunzitsira. Kupulayimale kwathu ukalankhula Chichewa umavala kachikatoni pakhosi mpaka ugwire mnzako, ndiye tinaphunzira mantha osati chilankhulo. Tinaloweza past participle ngati ndime za pamtima za ku Sande sukulu koma kupempha madzi mwaulemu osadziwa, timangoti "I am asking for water". Komanso ndinene, Chingerezi chathucho si cholakwika tikakhala ku Limbe, aliyense amamva. Kungoti woyesa IELTS sanakulire ku Limbe.

Ndiye mutani achemwali?

Grammarly igwiritseni ntchito, imagwira bwino timawu ta "a" ndi "the" tomwe ife timaiwala popeza Chichewa chilibe. Koma chiganizo chikakukayikitsani chilembeni pa Google mkati mwa ma quotation marks muone ngati eni ake amatero. Mverani BBC tsiku lililonse, muziwerenga mokweza zomwe mwalemba, ndipo pezani munthu woti azikuuzani chilungamo osaopa kukukhumudwitsani. Ine wanga anali gogo yemwe uja ndinkamutcha "he".