Ayi, mu Trespass mulibe Phil Collins

Achimwene, mwafunsa ngati ndi Phil Collins amene akuimba ng'oma mu chimbale cha Trespass cha gulu loimba la Genesis, komanso ngati n'choyenera kuyambira pomwepo pomvetsera nyimbo za gululi. Ng'omazo akuimba ndi John Mayhew. Collins analowa gululi chimbalechi chitajambulidwa kale ku Trident Studios ku London, ndipo chinatuluka mu Okutobala 1970 pansi pa kampani ya Charisma. Mawu amene mukuwamvawo ndi a Peter Gabriel.

Koma munthu amene ndikufuna mumutchere khutu ndi Anthony Phillips. Iye ndi Mike Rutherford ankaimba magitala a nsambo 12, kumalukana ngati mkeka, Tony Banks n'kumayala ogani pansi pake. Mvetserani "Stagnation" usiku kuli zii, mudzamva mmene nyimbo imayambira monong'ona, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kudzaza nyumba yonse. Phillips anachoka atangomaliza kujambula chifukwa mantha oimba pamaso pa anthu ankamudwalitsa, ndipo ine zimandiwawabe mpaka lero. Steve Hackett anabwera pambuyo pake kudzaimba gitala m'malo mwake.

"The Knife", yomwe ili kumapeto, ndi ina ndithu: yaukali, yothamanga, pafupifupi mphindi 9. Ndiyo inkadzutsa anthu m'mipando akamaimba pagulu.

Zoyambira pomwepo, inde, yambirani pomwepo. Chimbale chawo choyamba cha 1969 chinali cha tinyimbo tatifupi, anyamatawa asanadzipeze. Ng'oma za Mayhew nthawi zina zimatsalira m'mbuyo, sindikana, koma musataye Trespass chifukwa cha zimenezo.