Achimwene, musanapereke dipozitiyo tipite kaye ku county

Eee, achimwene, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa shifiti ya usiku, ndangodzuka kumene, mawu angawa musadabwe nawo. Uthenga wanu ndaumvera kawiri konse. Ndiye mukuti bambo aja a nyumba ya ku Mishawaka, kuno ku Indiana m'dziko la America, akufuna muwapatse madola 8,000 a dipoziti, zotsalazo muzipereka mwezi ndi mwezi popanda kudzera ku banki, ndipo akuonetsani deed, pepala la umwini wa nyumba, yokhala ndi dzina lawo. Funso lanu n'lakuti kodi pepala limenelo ndi lokwanira kuti mukhulupirire kuti nyumbayo ndi yawodi. Ndayankhira pagulu pompano dala kuti amalume ndi ena onse amve nawo, chifukwa inu si oyamba kundifunsa zimenezi.

Ayi, si lokwanira. Pepala limene munthu wasunga m'kabati limangokuuzani kuti tsiku lina lake, kale, nyumbayo inaperekedwa kwa iye. Za lero silinena kanthu. Kaya anaigulitsanso chaka chatha, kaya anakaipereka chikole ku banki, pepalalo limakhalabe lomwelo, loyera bwino, chidindo chake chili pomwepo. Ife kwathu tinazolowera kuti amfumu akaima pamalire n'kunena kuti kuyambira pa mtengo wa mango uwu kukafika pa chulu icho ndi pa auje, nkhani yatha, mudzi wonse ndi mboni. Kuno aneba sakudziwana n'komwe. Mboni yake ndi mabuku a ku county basi.

Ndiye tamverani. Indiana muno muli ma county 92, ngati maboma aja a kwathu, ndipo iliyonse ili ndi ofesi yake yosunga mapepala a malo, amaitcha Recorder. Mishawaka ili mu St. Joseph County limodzi ndi South Bend, choncho ofesi yanu ndi ija ili mu County-City Building, m'tauni mwa South Bend, pa Jefferson Boulevard. Mukawoloka malire kupita ku Niles, kumeneko ndi ku Michigan, county yake ndi Berrien, ndipo ofesi yomweyi amaitcha Register of Deeds. Koma chosokoneza n'chakuti likulu la Berrien County ndi tauni yotchedwanso St. Joseph, kuwonjezera apo Michigan ili ndi St. Joseph County yakeyake. Alamu anu, mmene tinkagula nyumba yathu ino, anakhala usiku wonse pa kompyuta akufufuza, kenako akubwera kudzandidzutsa ati mayi, nyumba ija kulibe, atipusitsa. Osadziwa kuti nthawi yonseyi anali pa webusayiti ya ku Michigan. Mpaka lero ndikawakumbutsa amangoti zisiye zimenezo. Ndiye inu muzionetsetsa kuti palembedwa Indiana.

Musanapite ku Recorder, yambani ndi Assessor, ofesi imene imaika mtengo wa nyumba powerengera msonkho. Zimenezo mukhoza kuchita pa foni pomwepo. Mukalemba adiresi, ikutulutsirani dzina la mwiniwake ndi parcel number, nambala ya pulotiyo. Muyambire kumeneko chifukwa mabuku a Recorder sayenda ndi adiresi ya msewu ayi, amayenda ndi mayina a anthu komanso chimene amati legal description, ndiye kuti puloti nambala yakuti m'dera lakutilakuti, monga anajambulira pa mapu pamene ankadula mapuloti. Dzina likatuluka losiyana ndi la bambo ajawo, imani pomwepo muwafunse. Nthawi zina kumakhala kuti nyumba ili m'dzina la kampani yawo, kapena la mayi awo amene anamwalira, kapena ili m'mayina awiri, iwo ndi akazi awo. Ikakhala m'mayina awiri ndiye kuti onse awiri ayenera kusayina, osati bambo okha n'kumati mayi akudziwa kale.

Ku ofesiko musachite mantha, mabukuwo ndi a anthu onse. Ine mmene ndinapita koyamba ndinavala ngati ndikupita kukhoti, mtima uli phaphapha, koma palibe anandifunsa kuti ndine ndani kapena ndikufuniranji. Anangondilozera kompyuta. Mawu oti muwadziwe ndi awiri okha. Grantor ndi amene akupereka, grantee ndi amene akulandira. Ndiye mumayamba mwafufuza dzina la bambowo ngati grantee, mupeze deed imene analandirira nyumbayo, muone tsiku lake, muyerekeze ndi pepala akuonetsanilo. Mukatero mumatembenuza, dzina lomwelo mulifufuze ngati grantor, kuyambira tsiku limene lija kufika lero. Apa ndiye pali nkhani yonse, achimwene. Chilichonse chimene anasayinira pa nyumbayo n'kukachilembetsa chikutulukirani pamenepa. Mukaona mortgage, ndiye kuti anatenga ngongole nyumbayo ili chikole. Mufufuze ngati pambuyo pake pali pepala lotchedwa release kapena satisfaction, limene banki imalembetsa ngongole ikatha. Ngati mortgage ilipo koma release palibe, ngongoleyo idakalipo. Ndiye taganizani, inu mukulipira bambowo mokhulupirika mwezi uliwonse, iwo asiya kulipira banki yawo, banki ikubwera kudzalanda nyumba muli inu ndi ana. Banki imeneyo sikudziwani, ndipo inalembetsa kale inu musanabwere.

Dzinalo muliyese m'njira zingapo, ndi dzina lapakati, popanda dzina lapakati, ndi chilembo chimodzi chokha, chifukwa kompyuta imangotulutsa zimene mwalemba. Mapepala atsopano ali ndi instrument number, akalekale amatchulidwa ndi nambala ya buku ndi tsamba. Zonse mukazipeza muzilemba pa kapepala, manambala amenewo ndi amene mupereke pa kauntala pofuna makope.

Muonenso mutu wa deed yawoyo. Ikakhala warranty deed, ndiye kuti amene anawagulitsa analonjeza kuti nyumbayo ndi yake ndipo wina akadzabwera kudzailimbirana adzayankha yekha. Koma ikakhala quitclaim deed, eee, pamenepo tsegulani maso. Quitclaim imangoti chilichonse chimene ndili nacho pamalowa ndakupatsa. Ngati ndinalibepo kanthu, walandira mphepo. Ine pano ndikhoza kukusayinirani quitclaim ya bwalo la mpira la yunivesite ya Notre Dame lonse lija, osanama paliponse, chifukwa sindinanene kuti ndi langa. Sikuti quitclaim iliyonse ndi yachinyengo ayi, apachibale amagwiritsa ntchito kwambiri popatsana nyumba, koma mukaiona mubwerere m'mbuyo muone kuti woperekayo anaipeza bwanji.

Ndipo chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti a Recorder saweruza kuti mwini nyumba ndi ndani. Iwo amaona ngati pepala lalembedwa motsata malamulo, lasayinidwa pamaso pa notary, munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni posayina, legal description ilipo, ndalama yalipiridwa, basi alidinda n'kulilowetsa. Chidindo chawo chimangotsimikiza tsiku ndi nthawi imene pepala linafika. Mukawafunsa kuti kodi ndigule, akuuzani mwaulemu kuti iwo si maloya, sangakulangizeni.

Zina n'zachangu. Ku Treasurer, ofesi yotolera msonkho, mufunse ngati msonkho wa nyumbayo ukulipiridwa. Kuno timalipira kawiri pa chaka, pa 10 May ndi pa 10 November, ndipo nyumba ikakhala ndi ngongole ya msonkho nthawi yaitali county imaiika pa tax sale, msika wa nyumba zangongole ya msonkho. Ku Clerk wa khoti muone ngati bambowo anagonjapo mlandu wa ndalama, chifukwa chigamulo choterocho chimamatirira pa nyumba. Komanso mmisiri akakhoma denga osalipidwa amatha kulembetsa mechanic's lien, pepala lomata ngongole yake pa nyumbayo, imeneyo muipeza ku Recorder konkuja.

Tsopano za mgwirizano wanuwo. Zimene akufuna bambowo ndi zimene amati land contract. Dziwani kuti pa land contract deed imakhalabe m'dzina la wogulitsa mpaka mutamaliza kulipira, kaya ndi zaka 10 kaya 15. Ndiye chokutetezani chachikulu n'chakuti mgwirizanowo ulembedwe bwino, musayinirane pamaso pa notary, kenako ukalembetsedwe ku Recorder tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Ukalowa m'buku, aliyense wofuna kugula nyumbayo kapena kubwereketsa ndalama pa iyo aona kuti muli inu kale. Bambowo akayamba zoti aa, zolembetsazo n'zotaya nthawi, tingogwirizana ngati anthu akuluakulu, ine ndinganene kuti nyamulani chikwama chanu mubwerere. Munthu amene alibe chobisa sakana kuti pepala lilowe m'buku.

Kulembetsako si kodula. Ine mmene ndinkawonjezera dzina la alamu anu pa nyumba ino ndinalipira madola 25 ku Recorder. Koma pepala la kusintha umwini silipita ku Recorder molunjika, limadutsa kaye ku Assessor ndi ku Auditor kuti asinthe dzina m'mabuku a msonkho, kenako ndiye Recorder. Ulendo woyamba anandibweza, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ndinadzilembera ndekha deed ija pofuna kupulumutsa ndalama ya loya, n'kuiwala mizere iwiri yam'munsi imene lamulo la Indiana limafuna, wina wonena amene wakonza pepalalo, wina wolumbira kuti wachotsamo Social Security number iliyonse, nambala ija imene boma limadziwira munthu. Mizere iwiri yokha, ine tsiku lonse la ntchito linapita, n'kukafunanso notary kachiwiri. Ndiye inu musatengere ine. Pa ndalama ngati zimenezi lipirani loya kapena title company, kampani yofufuza umwini wa malo, akuchitireni kafukufuku weniweni amene amati title search, akulembereninso mgwirizanowo. Kufufuza kwathu kwa pa kompyuta kuja n'kongopeta, kuti ngati muli miyala ikuluikulu tiione msanga tisanawononge ndalama. Tosaoneka tating'onoting'ono amatipeza ndi iwowo, ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Makope ndiye osavuta. Ine ndinkalipira dola imodzi pa tsamba, ndipo deed nthawi zambiri imakhala masamba awiri kapena atatu. Mukafuna certified copy, yokhala ndi chidindo cha ofesi yoti mukapereke kukhoti kapena ku banki, mumawonjezera madola 5. Panopa simukufunika certified, makope wamba akwanira. Ndipo ndikuchenjezeretuni, mukadzagula nyumba mudzalandira kalata yooneka ngati yaboma, ya mitundu yake bwinobwino, yoti tumizani ndalama tikutumizireni kope ya deed yanu. Yanga inkafuna madola opitirira 80. Si boma limenelo, ndi makampani amene amaona mayina a ogula atsopano m'mabuku omwewa. Pansi penipeni amalemba timalemba tating'ono kuti si a boma. Ine yanga ndinayatsira makala a kanyenya. Deed yanu ikadzasowa, kapena kunyowa, musadzalire, nyumba simunataye, mukangopita ku county akusindikizirani ina.

Ndiye tichite chonchi. Lachiwiri sindikugwira ntchito. Ndidzakutengani cha m'ma 9 koloko ana akapita kusukulu, tikakhale pa kompyutapo limodzi, sizitenga maola awiri. Lero lomwe jambulani deed ija masamba onse, makamaka pamwamba pamene pali chidindo ndi nambala, munditumizire kumbali, osati pagulu pano, dzina la munthu lisamangoyendayenda. Bambowo muwauze kuti yankho muwapatsa Lachitatu. Akati pali wina akufuna kupereka ndalama mawa, asiyeni apereke. Amalume, funso lanu la munda wa ku Ntcheu ndaliona, limenelo ndi la malamulo ena, ndikuimbirani madzulo. Ndathamanga, mpunga ukupserera.