Valentine ya m'mwezi wa njala: agogo ayankha adzukulu a ku Salima

Adzukulu anga, mafunso anu awiri andipeza pakhonde kuno ku Lifuwu, mvula itangokata. Mtsikana amene ndimakhala naye ndiye wandiwerengera pafoni, ndipo ndi yemweyo akulemba zomwe ndikunenazi.

Funso loyamba lachokera kwa mayi wachitsikana wa pa Kamuzu Road. Ali pabanja zaka 6, ana ndi atatu, amuna ake amapalasa kabaza, iye amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Anzake ayamba kale kukambirana za tsiku la Valentine. Wina akuti akagona ku loji ku Senga Bay, wina wasoketsa diresi lofiira, ndipo zithunzi zidzasefukira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Amuna ake, poona kuti nkhope yagwa, anena kuti akatenge katapila kuti nawonso akadye chambo kunyanja. Mtima wake wagawanika, akufuna komanso akuopa. Ndiye akufunsa ngati kukondwerera tsikuli pakhomo, ana ali pomwepo, m'thumba mulibe kanthu, si kudzichititsa manyazi.

Lachiwiri ndi la mnyamata wokhala pachikamwini ku Chipoka. Apongozi ake amati Valentine ndi tsiku la chiwerewere lobwera ndi azungu. Iye akufuna kusangalatsa mkazi wake, koma sakudziwa kuti achite bwanji osalakwira akuluakulu a pamudzi.

Ndiyambe ndi iwe wa pa Kamuzu Road. Katapilayo ayi. Uwauze amuna ako lero lomwe, asanakagogode pakhomo pa munthu. Mwini katapila alibe nazo kanthu kuti ndalama yake inagula chambo cha chikondi. Mwezi ukatha adzafuna yake ndi chiwongoladzanja pamwamba, ndipo ikasowa adzaloza njinga. Njinga imeneyo ndiye munda wanu, ndiye nkhokwe yanu. Ndaona ndi maso angawa mabanja amene anadya bwino tsiku limodzi n'kukhala osalankhulana mpaka chimanga kucha, aliyense akuloza mnzake kuti ndiye anayambitsa. Ngakhale ya ku banki m'khonde usaikhudze. Imeneyo ndi ya mpamba wa tomato wako.

Koma usawakalipire amuna ako. Munthu amene wapalasa njinga tsiku lonse padzuwa la ku Salima, n'kuganizabe zoti mkazi wake asaoneke wotsalira pakati pa anzake, ameneyo amakukonda. Mphatso yako wailandira kale pamenepo. Uwathokoze kaye, kenako ndi pomwe uwaletse.

Tsikuli linabadwira kutali. Dzina lake ndi la Valentine, Mkhristu wa ku Roma amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake m'zaka za m'ma 200, ndipo mpingo unkamukumbukira pa 14 Febuluwale. Zoti likhale tsiku la okondana zinadza patapita zaka mazanamazana, ku Ulaya komweko, kenako amalonda a makadi, maluwa ndi chokoleti n'kulikometsera. Ine sindilinyoza. Tiyi yemwe timamwayu anabweranso ndi alendo, ndipo tinamulandira. Kungoti amene analiika m'Febuluwale sankamudziwa Febuluwale wathu. Kwathu kuno mwezi umenewu nkhokwe zili pululu, chimanga cha m'munda chikungomasula ngayaye, cha pamsika chakwera mtengo. Fizi ya teremu yachiwiri mwalipira kumene mu Januwale, ya feteleza wobereketsa inapita kale, malungo nawo ndiye nyengo yake. Kuno ku Lifuwu anthu ali m'matope ndi mpunga umene sulowa m'thumba mpaka Meyi kapena Juni. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale shuga ndi mafuta ophikira timagula moyeza ndi supuni. Tsono ukamadziyerekeza ndi zithunzi za pafoni, ukumbukire kuti chithunzi sichionetsa ngongole. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kumpoto kwathu kuno, ukafika ku Chikombe, umaona chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi pachilumbapo mu Disembala, osatsegula mpaka Epulo, kuti nsomba ziswane ndi kukula. Asodzi amapachika maukonde n'kubwerera kumtunda m'miyezi yomwe njala imaluma kwambiri. Palibe amene amati mfumu imadana ndi asodzi, chifukwa ikatsegula onse amaona utaka wake. Thumba la banja nalonso lili ndi nyengo yake yotseka, ndipo Febuluwale ndi nyengo imeneyo. Ngati amuna ako akufunitsitsa kukugulira chitenje, alonjeze pa 14 Febuluwale, agule mu Meyi anthu akakolola, okwera kabaza atachuluka. Ngati mukufuna kukaona Senga Bay ndi ana, nyanja sithawa. Mudzapite m'chilimwe mutatenga mpunga wanu wophika kunyumba, mudzakhale pamchenga pomwe asodzi amakocheza, ana adzaone chilumba cha Namalenje ndi maso awo. Lonjezo la munthu amene amasunga mawu ake limatenthetsa mtima miyezi itatu yathunthu.

Nanga tsiku lenilenilo mudzatani? Mvula yomwe yakusowetsani chimanga yakupatsani zina. Nkhwani ali ponseponse, bonongwe ndi chisoso zikumera zokha, bowa amapezeka kwa amayi odziwa kusankha wabwino. Usipa wa kambale kamodzi, tomato ndi wako yemwe. Ngati pali nthochi zakupsa ndi kaufa ka mpunga, uphike mkate monga timachitira kuno kunyanja, makala pansi makala pamwamba. Zikasowa, mgaiwa ndi soda zikwanira chikondamoyo. Dzina lokhalo likuyenera tsikuli. Thobwa ulikonze dzulo lake kuti ligone. Ana uwatume akasese bwalo, akathyole maluwa a kumpanda n'kuwaika m'botolo, ayale mphasa. Za zofiira usavutike nazo. Ngati kansalu kofiira kalipo, mangira kumutu. Ngati palibe, vala chitenje chomwe amuna ako amati chimakukhala.

Apa ndilankhule ndi amuna ako, uwapatse foni awerenge okha. Bambo, tsiku limenelo muweruke msanga. Mukafika musakhale pampando kudikira madzi osamba. Katungeni madziwo nokha, muwaze nkhuni, mumutenge wakhandayo kumsana kwa amayi ake kuti aphike ndi manja awiri. Anzanu akaseka, asekeni. Ndipo nonse mukakhala pamphasa, musanasambe m'manja, munene pamaso pa ana kuti, "Amayi anuwa ndimawathokoza." Mutchule zenizeni: kudzuka kusanache kukapikula tomato, usiku uja anagona pabenchi kuchipatala ndi mwana, ndiwo zomwe amazipeza inu mutabwera chimanjamanja. Amuna ambiri a kwathu kuno amakonda akazi awo, koma mawuwo amawasungira tsiku la maliro, kukawanena mwini wake atatseka makutu. Mawu sagulidwa pa golosale, ndipo mwana wamwamuna amene wamva bambo ake akuthokoza mayi ake amanyamula zimenezo kukalowa nazo m'banja lake.

Mukatha kudya, ana muwasimbire mmene munakumanirana. Anayamba kulankhula ndani, chikole chinali chiyani, ankhoswe anayenda kangati. Ife chikole chathu chinali kampango ka m'manja ndi kandalama kachitsulo, ndipo kanali kokwanira kuti mudzi wonse udziwe kuti mtsikanayu ali ndi mwini mawu. Ana amakonda nkhani zotere kuposa maswiti. Adzakufunsani mafunso mpaka mudzaseka nonse, kenako muponyerane ndagi mpaka wamng'ono agone.

Wandifunsa za manyazi, mdzukulu wanga, ndiye ndikuuze za Febuluwale wa 2002. Iwe unali wakhanda kapena unali usanabadwe. Njala ya chaka chimenecho inatigwira pakhosi kuno ku Salima, mpaka kumapeto kwa mwezi womwewo boma linalengeza kuti dziko lili pangozi. Anthu ankadya madeya, ena mizu ya kutchire, ena ankagulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wozizira. Malemu amuna anga ankachoka m'bandakucha kukafuna ganyu, n'kubwera madzulo ndi kajumbo ka madeya. Ndikaphika phala, iwo ankati, "Gawirani ana, inunso mudye, ine ndadya komwe ndinali." Masiku anayi ankanena zomwezo. Tsiku lachisanu ndinawaona akumanga lamba pabowo latsopano lomwe anaboola ndi msomali, ndipo ndinadziwa kuti kumene ankapitako kunalibe chakudya chilichonse. Usiku umenewo ndinagawa phala m'mbale imodzi, n'kunena kuti sindikweza supuni iwo asanakweze. Tinadya mosinthana, supuni iwo, supuni ine, osalankhula. Tinakhala m'banja zaka 41, anandigulirapo nsalu zambiri, zina ndinaziiwala ndi mtundu womwe. Mbale ija ndikadali nayo. Sindikukufunira njala, Mulungu akutalikitsire. Ndikungoti pamphasa pako padzakhala nsima, usipa, mkate, ana atatu amoyo ndi mwamuna amene amafuna kukongola ndalama kuti useke. Manyazi ake ali pati?

Tsopano iwe mkamwini wa ku Chipoka. Apongozi ako asakukwiyitse, chifukwa sakunena zopanda mutu. Aona zomwe tonse taona: ana a sukulu akutengedwa ndi azibambo a msinkhu wa atate awo kupita kumalo ogona alendo tsiku limeneli, chifukwa cha foni ndi kabotolo ka mafuta onunkhira, kenako mimba, matenda, sukulu n'kuthera pomwepo. Dziko linakonza malamulo ake mu 2017 kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo asalowe m'banja, koma ana akuonongekabe m'njira zomwezi. Munthu wamkulu akamva mawu oti Valentine, chimene chimamubwerera m'mutu ndi chimenecho. Ntchito yako ndi kuwaonetsa kuti m'nyumba mwako mawuwa ali ndi tanthauzo lina.

Usakatsutsane nawo, ndipo dzina la tsikuli usalitchule n'komwe pamaso pawo. Mkamwini sakangana ndi apongozi pa nkhani ya dzina. Mkazi wako ndiye akawauze amayi ake kuti, "Lero bambo a kunyumba akufuna kutithokoza, tiphikako kanthu." M'mawa mwake utenge khasu ukagwireko mizere ingapo m'munda mwawo osatumidwa. Chakudya chikapsa, mbale yoyamba ipite kwa apongozi, mwana anyamule ndi manja awiri, akagwade popereka. Amene anakubalira mkazi ndi iwowo, ndipo chikondi chomwe chimalumpha khomo lawo sichikhala bwino pamudzi. Ndikukutsimikizira kuti mayi amene walandira mbale yotero sadzafunsa kuti pakalendala palembedwa chiyani.

Zogwiranagwirana pabwalo, zopsompsonana ana ndi akuluakulu akuona, zimenezo ayi. Si kuti mwambo wathu umadana ndi chikondi cha mwamuna ndi mkazi wake. Anamkungwi ndi ankhoswe anakulangizani zambiri, ndipo zina mwa izo azungu a makadi aja sazidziwa. Koma zili ndi malo ake, ndipo malowo ali ndi chitseko. N'chifukwa chake makolo anaika kuti ana akasinkhuka azikagona kwa agogo. Mkazi wako akapemphe amayi ake kuti usiku umenewo adzukulu agone kwawo. Adzamvetsa osafunsa, poti nawonso anali atsikana.

Ndiponso iwe uli ndi mwayi womwe anthu a ku Lilongwe amaulipirira mafuta a galimoto: nyanja ili pakhomo pako. Kuno kwathu dzuwa limatulukira m'madzi. Mudzuke kusanache awirinu, muyende mpaka kugombe, mukakhale pabwato lofulatira n'kuliona likutuluka, asodzi a usipa akubwerera ndi nyali zawo. Musakalowe m'mabango, ng'ona nyengo ya mvula zimayendayenda. Pamenepo umufunse mkazi wako chomwe chimamulemera mumtima chaka chino, ndipo akayamba kuyankha usamudule. Akazi ambiri pachikamwini amakhala pakati pa amayi awo ndi amuna awo ngati chala pakati pa chitseko, osapeza womuuza.

Tsikuli likagwa pakati pa sabata, kapena likakumana ndi mapemphero, monga mu 2024 pomwe linagwa pa Lachitatu la Phulusa, musunthireni Loweruka kapena Lamulungu. Palibe mfumu imene idzakulipitseni nkhuku.

Ine pa 14 ndalandira kale alendo. Mdzukulu wanga wa kuseri kuno wabwera dzulo, akuyang'ana pansi, kudzapempha kuti ana ake awiri adzagone kuno. Ndamuuza kuti abwere nawo dzuwa lisanalowe, atenge ndi zofunda zawo. Mtedza wokazinga ulipo pang'ono m'chitini, mphasa ndayanika, ndipo nthano ya Kalulu ndi chitsime sanaimvebe mpaka kumapeto, poti ulendo watha anagona Kamba asanamugwire mwendo.