Internship ya kafukufuku wa zachitetezo: muyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira zandale. Akuti akufuna kukagwira internship, ntchito yophunzirirapo ya kanthawi kochepa, pa tchuthi chachitali cha June mpaka August ku bungwe lofufuza za chitetezo pakati pa mayiko, koma sakudziwa kogogoda, komanso akuda nkhawa kuti mwina amangotenga ana a asilikali kapena anthu odziwana ndi akuluakulu.

Mlongo wanga, nkhawa ya usilikaliyo ichotseni. Ambiri ogwira ntchito imeneyi sanavalepo yunifomu, ndi anthu owerenga ndi kulemba basi. Mukapita kumeneko musayembekezere zinsinsi za boma ayi, tsiku lanu lonse likhoza kuthera pa tebulo mukuyerekeza manambala awiri, lipoti lina likuti dziko lakuti lagula ndege zankhondo khumi, lina likuti khumi ndi ziwiri, ndiye inu mufufuze kuti ziwirizo zachokera kuti, kodi anangosainirana pepala kapena ndegezo zinafikadi. Mukapeza yankho mumalemba ndime imodzi yokha, wamkulu wanu aiwerenge mu mphindi ziwiri. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo ine ndimaikonda chifukwa nambala imodzi yolakwika ikalowa mu lipoti imayenda kutali, atolankhani aitola, aphungu aibwereza m'nyumba ya malamulo.

Mabungwe ake alipo ambiri. Ku Stockholm kuli SIPRI, inayamba mu 1966, ndi imene imawerengera ndalama zomwe mayiko amaika pa zankhondo, inati mu 2024 dziko lonse lapansi linawononga madola 2,718 biliyoni. Ku London kuli IISS yomwe imatulutsa The Military Balance chaka ndi chaka, kulinso Chatham House ndi RUSI. Ku Washington kuli CSIS, ku Oslo PRIO, ku Geneva UNIDIR ya United Nations yoona zochepetsa zida. Musaiwale Institute for Security Studies ya ku Pretoria yomwe ili ndi maofesi ku Addis Ababa, Nairobi ndi Dakar, kapena ACCORD ya ku Durban. Lowani pa mawebusaiti awo muone ngati atsegula malo, zimasintha chaka ndi chaka.

Koma tiyeni tinene zoona pa zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa anthu. Choyamba ndi unzika. Malo a mu unduna wa zachitetezo kapena wa zakunja wa dziko lina nthawi zambiri amafuna nzika yawo, chifukwa amayenera kukufufuzani mbiri yanu asanakuonetseni zikalata, ndiye musatayepo nthawi ngati chikalata chanena choncho. Mabungwe oyima paokha ndi amene amatsegulako, ngakhale kumenekonso visa imavuta, ku America mwachitsanzo ambiri amapita pa visa ya J-1 ndipo imafuna wokuyimirani. Ena monga RAND ya ku America pulogalamu yawo ya tchuthi ndi ya ophunzira PhD makamaka, osati a digiri yoyamba. Ku United Nations amafuna mukhale chaka chomaliza cha digiri yoyamba kapena kupitirira apo, ndiye inu wa chaka chachitatu werengani bwino lamulolo musanadzaze fomu pa Inspira, webusaiti yawo yofunsirapo ntchito.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa zimandiwawa kwambiri. Ma internship a ku likulu la United Nations salipira. Mu 2015 mnyamata wina wa ku New Zealand anadziwika dziko lonse chifukwa ankagona mu tenti ku Geneva ali pa internship, nkhani yake inayambitsa mkangano waukulu koma vutolo silinathe. Zotsatira zake nzoti amene makolo ake ali nazo ndi amene amalowa, wanzeru wopanda kanthu amatsalira panja, kenako anthu omwewo ndi amene amadzalemba za nkhondo za mayiko omwe sanapondeko. Ndiye musanasangalale ndi kalata yokuitanani, funsani mwachindunji ngati pali malipiro, nyumba muzilipira bwanji, inshuwalansi ndi ya ndani. Funsaninso ngati angalole kugwira muli kwanu pa intaneti, chichitikireni Covid mabungwe ambiri anazolowera zimenezo. Ngongole yaikulu chifukwa cha miyezi itatu musatenge, chonde.

Tsopano chomwe ndikufuna mumve kwambiri. Dzina la yunivesite yanu simungalisinthe, koma chomwe mungatumize ngati chitsanzo cha zolemba zanu chili m'manja mwanu, ndipo ndi chimene amachiwerenga mwachidwi. Ambiri amalemba kalata yoti ndimakonda mtendere, ndikufuna kuthandiza dziko. Aliyense amalemba choncho. Inu sankhani kankhani kamodzi kakang'ono mukadziwe bwinobwino, kaya ndi gulu la asilikali a SADC lomwe linapita ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, mu 2021, kaya ndi malonda a ma drone, kaya mgwirizano wa zida za nyukiliya wa NPT wa 1968. Lembani masamba awiri kapena atatu, osaposa, mfundo iliyonse ikhale ndi gwero lake, pomaliza munene maganizo anu mosazungulira. Zida zochitira zimenezi ndi zaulere, SIPRI ili ndi database ya malonda a zida pa intaneti, yunivesite ya Uppsala ili ndi UCDP imene imawerengera mikangano, kwa iwo anthu 25 akafa pomenyana m'chaka chimodzi ndiye kuti ndi mkangano wa zida, akafika 1,000 ndi nkhondo. Mukadziwa tinthu ngati timeneti, nkumatha kuyendetsa Excel, mwinanso French kapena Chipwitikizi pang'ono, mwasiyana kale ndi gulu.

Nthawi nayonso musaigonere. Malo a June ambiri amatsekedwa miyezi ingapo m'mbuyo, ena chaka chisanathe nkomwe, ndiye yambani kufufuza October, aphunzitsi awiri oti akulembereni kalata muwapemphe msanga osati kutatsala masiku atatu. Ndipo akakukanani konse, pitani kwa mphunzitsi wanu amene akufufuza za mikangano mumupemphe kumuthandiza kusanja data pa tchuthicho, chaka chamawa pa CV yanu padzakhala ntchito yeniyeni yoti muloze. Mukalemba masamba awiri aja nditumizireni pa imelo yomweyi, ndiwerenga ndikuyankheni.