Vuto si lens achimwene, yambani ndi shutter

Achimwene, mwafunsa ngati kakowa wanu wa ku Kamuzu Dam uja watuluka mbuu chifukwa lens ya 70-300mm ndi yofooka, moti mukuganiza zogula ya 600mm. Ndalamazo zisungeni kaye. Ndaona ma settings mwalemba pansi pa chithunzi aja, shutter (nthawi yomwe kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) 1/250 ya sekondi, cha m'ma 12 koloko masana, focus mwaisiya pa auto. Pavuta ndi pamenepo.

Pa 300mm dzanja limanjenjemera ndithu ngakhale mulimbe bwanji, komanso kakowa akamasaka chakudya khosi lija silikhala phee, ndiye 1/250 yachepa zedi. Kwezani ifike 1/1000, akauluka 1/2000, ndipo ISO (mmene kamera imamvera kuwala) musamaope kuikweza, bola chithunzi cha noise (timadontho ngati mchenga tobwera ISO ikakwera) kusiyana ndi chogwedera chifukwa noise timaichepetsa pa kompyuta koma chikagwedera basi chapita. Ndiyenso ndachikulitsa pa foni, bango lomwe lili kumbuyo kwa mbalameyo likuoneka bwinobwino kuposa diso lake, kusonyeza kuti kamera inasankha yokha pogwira. Ikani focus pa single point (kadontho kamodzi kolozetsa nokha), ndi mode yotsatira chinthu choyenda, AF-C ngati ndi Nikon, AI Servo ngati ndi Canon, mulozetse pa diso penipeni. Ambiri mugulu muno tikamati chithunzi chathwa timakhala tayang'ana diso, mchira olo usaoneke bwino palibe angakufunseni.

Koma chandiwawa ine ndi nthenga. Msana wonse wangoti mbee, nthenga imodzi osaoneka, zapsa. Kamera ikaona madzi akuda ndi mitengo kumbuyo imaganiza kuti kwada ndiye imawonjezera kuwala, mbalame yoyera n'kupserera. Tsitsani exposure compensation (+/- ija yowonjezera kapena kuchepetsa kuwala) pa -1, nthawi zina kupitirira apo, yatsani highlight warning ija imathwanima pa screen pomwe papsa, ndipo muzijambula RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yajambula, zisanakonzedwe). Komabe zikapsa kotheratu ngakhale Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, singazibweze.

Nthawi nayonso simunaisankhe bwino. Kutentha kwa October kuno mpweya umachita kuvina pamwamba pa madzi, kuphatikiza fumbi ndi utsi wa moto wa tchire, lens ya 600mm zimenezo imangozikulitsa. Dzukani m'mamawa, 6 koloko ikupezeni muli pa malo dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo khalani pansi mulingane ndi mbalameyo, osaijambula mutaimirira pamtunda.

Pophunzira simukufunika kuwononga mafuta mpaka ku Malingunde (komwe kuli Kamuzu Dam) kapena ku nkhalango ya Dzalanyama sabata iliyonse. Ku Lilongwe Wildlife Centre m'mbali mwa Lingadzi mbalame ziliko zambiri, ngakhalenso makhwangwala a mu town momwemu, musaseke, khwangwala ndi wakuda ndi woyera pa thupi limodzi ndiye mukatha kutulutsa nthenga zonse ziwiri osapsa osada, kakowa sangakuvuteninso.

Composition yokha mwayesetsa, mwasiya malo kutsogolo komwe akuyang'ana. Kungoti mwacropa kwambiri kenako n'kuthira sharpening mpaka kamzere koyera kazungulira mlomo, Facebook nayo yafinya. Tumizani original yosadula ija ku inbox tione mmene inalili.