Fulemu yachitsulo yosindikizidwa ikugwedera pa modelo: vuto lili pati?

Mmisiri wina wokonza mano oyikirira watilembera imelo. Akuti kale mafulemu (zitsulo zimene zimanyamula mano oyikirira) a chitsulo cha cobalt-chromium ankawapanga ndi phula n'kuthira chitsulo chosungunula m'chikombole, koma tsopano amatumiza fayilo kwa ena osindikiza ndi makina a leza. Fulemu ina yabwera ikugwedera pa modelo (chifanizo cha pulasitala cha m'kamwa mwa wodwala), ndipo kangowe kogwira dzino kanathyoka akukapinda. Akufunsa ngati chitsulo chosindikiza n'chofooka.

Bambo, chitsulocho si chofooka ayi. Chikasindikizidwa bwino chimakhala chothinana kuposa chothira m'chikombole, chomwe nthawi zambiri chimabisa timabowo mkati. Ife tikukayikira ng'anjo, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Makina amayala ufa wachitsulo pa mbale, muyalo wa ma micron 20 mpaka 30 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), leza n'kusungunula pokhapo pamene fulemu ikudutsa. Mbale imatsika pang'ono, ufa wina umayalidwa, ndipo zimapitirira choncho miyalo mazanamazana, mkati mwa mpweya wa argon kapena nitrogen. Kadontho kalikonse kamasungunuka n'kuuma pa kamphindi. Pouma kamafuna kukhwinyata, koma muyalo wapansi, womwe wazizira kale, umakakaniza. Choncho fulemu imatuluka ili yokokeka mkati ngati uta wokunga, ndipo chimene chikuigwira kuti isapindike ndi timichirikizo, timizati tosindikizidwa pamodzi nayo, toilumikiza ku mbale.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Fulemu iyenera kulowa m'ng'anjo idakali pa mbale, timichirikizo tonse tili pomwepo, mkati mwa argon. Pa ufa wa kampani ya EOS wopangira zisoti za mano ndi mabuliji (mano oikidwa mokhazikika pa mpata), kutentha kumakwezedwa pang'onopang'ono kufika madigiri 750 Celsius, n'kukhala pamenepo pafupifupi ola limodzi. Mafulemu okhala ndi tingowe amafuna moto woposa apo, nthawi zambiri cha m'madigiri 1,000 kapena kupitirira malinga ndi wopanga ufawo, kuti chitsulo chithe kupindika pang'ono osathyoka. Akadula fulemu asanaiwotche, imapotoka nthawi yomweyo, ndipo kuiwotcha pambuyo sikungaibwezere. Akaiwotcha ndi moto wa zisoti, imakhala bwino pa modelo koma tingowe timakhala touma. Inu mwaona zonse ziwiri pa fulemu imodzi, ndiye afunseni osindikizawo: anawotcha pa madigiri angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo anadula liti? Amene sangayankhe zimenezi musamutumizirenso ntchito.

Onaninso pamene kangowe kathyokera, ndi galasi lokulitsa. Ngati pali timabowo tosongoka tokhala ndi timibulu ta ufa wosasungunuka, leza inachepa mphamvu kapena inathamanga. Timabowo tozungulira timasonyeza kutentha kopyola muyeso kapena ufa wachinyontho. Ufa wobwerezedwa osasefa umabweretsanso zomwezi. Ngati pothyokapo pali chipsera cha kamchirikizo, ndiye anakaika pa mkono wa kangowe, malo osayenera, chifukwa mng'alu umayambira pa chipsera chotere. Timichirikizo tisakhudzenso mbali yogona pa mano ndi pa nkhama, poti mukamapala pamenepo mukusintha muyeso.

Musanawaimbe mlandu, yesani mbali yanu. Ikani fulemu pa modelo yomwe munasikana, osati ina yothiranso. Pulasitala wobenthuka kapena sikani yoperewera pansi pa mimba ya dzino (pamene dzino latukumuka kwambiri) zimalowa m'fayilo, ndipo makina amasindikiza cholakwikacho mokhulupirika. 

Pemphaninso chikalata chosonyeza kuti ufa wawo ukukwaniritsa ISO 22674, muyeso wa padziko lonse wa zitsulo zopangira mano, ndiponso zimene zili mkati mwake: cobalt amakhala pafupifupi magawo 60 mpaka 65 pa 100, chromium 24 mpaka 30, kuphatikizapo molybdenum, ndipo ufa wina uli ndi tungsten. Izi n'zofunika kwa wodwala amene thupi lake limadana ndi zitsulo zina. N'zofunikanso kwa inu: European Union inaika cobalt m'gulu la zinthu zotha kuyambitsa khansa, ndipo amene amapuma fumbi lake tsiku ndi tsiku ndi mmisiri wopala. Yatsani makina okoka fumbi ndipo valani chotchinga kumphuno cha FFP3, chomwe chimasefa fumbi losalala kwambiri.

Kangowe kothyokako musakawotcherere. Bwezani fulemu yonse asindikizenso, ndipo muwauze aike tingowe popanda kamchirikizo pa mkono wake.